Dzina M'kati mwa Gitala

Bambo atanyamula gitala yomwe mwana wawo wamkazi anapanga, mtima wa mwanayo unali m'mwamba. Kwa miyezi itatu anakhala akupala thabwa la mkungudza mpaka linapyapyala, zala zili matuza okhaokha, bambowo osamuthandiza ngakhale pang'ono.

Bambowo anagogoda thabwalo ndi chala, khutu lili tcheru. Anasisita m'mbali monse kufunafuna polakwika. Kenako analiza nsambo, mawu ake n'kudzaza chipinda chonse chonunkhira utuchi.

"Guluu wachuluka apa," anatero bambowo.

"Ndipalapo, bambo."

"Pasiye." Anasolola cholembera chomwe ankasainira magitala awo, n'kumupatsa. "Lemba dzina lako m'katimo. Ndikalembamo langa, anthu adzandivuta kuti ndiwapangire ina yotere. Nanga ine ndidzaitenga kuti?"