Tsitsi la Olivia

"Mundipatse tsitsi la mwana wanga," anatero a Everson Namakhwa, chikwanje chodulira tiyi chili m'manja.

A Mulelemba, mphunzitsi wa sayansi, anasiya kufufuta bolodi. Ku Kapichi konse ankawatama kuti ana awo salephera mayeso, koma chimwalirireni Olivia, mwana wa a Namakhwa, milomo yomweyo inatembenuka. Anthu anakumbukira kuti mphunzitsiyu anauza mwana aliyense kuti azule tsitsi limodzi n'kupereka. Patangopita milungu iwiri, mutu unamuyamba mtsikanayo.

"Achipatala anati ndi malungo aakulu, bambo."

"Achipatalawo anatenga tsitsi? Munthu wabwinobwino amasunga tsitsi la ana a eni?"

A Mulelemba anatsekula kabati n'kutulutsa kagalasi komatidwa tsitsi, kolembedwa dzina la Olivia. Malembowo anali a mwiniwake, opendama ngati a m'makope ake kunyumba. Anakaika pa maikulosikopu, makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso.

"Musanatenge, taonani chimene anaona mwana wanu. Tsiku limenelo anakana ngakhale kupita kukadya."

"Mukufuna mundilodze nanenso?"

Komabe anatsamiritsa chikwanje pa desiki, n'kuwerama atatsinzina diso limodzi. Anaona chingwe chofiirira, chonenepa ngati nthambi ya tiyi, kuwala kukudutsa mkati mwake. Anakhala choncho mpaka belu linalira.

A Mulelemba anawapatsa kagalasiko. A Namakhwa anakayang'anitsitsa m'dzanja lawo. Kanali katsitsi chabe, kosaoneka n'komwe.

Anakabweza pa tebulo pang'onopang'ono.

"Sindinanene kuti ndakukhulupirirani," anatero akutola chikwanje. "Koma mawa mutsekula nthawi yanji?"