Thabwa Louma

Dionísio anali atanyamula kale bokosi la magetsi pamene msilikali anaponya thabwa pamapazi pake.

Lamulo la ntchito linali lomwe lija la Apwitikizi, amene anachoka ndi zonse n'kutisiyira malamulo okha: bokosi lisakhudze khoma la chinyontho, likhomedwe pa thabwa louma. Koma kuyambira pomwe nkhondo inatseka msewu, thabwa louma mu Metangula linali la maliro basi.

"Nali, amisiri. Mlombwa weniweni. Chekani, jenereta ilire lero."

Dionísio analitembenuza. Chinali chitseko, chopserera m'munsi. Chapakati panali kabowo kolowetsa chingwe, kopendekeka, kamene iye mwini anaboola ndi msomali wamoto kuti amayi ake azitsegula osavutika.

"Mwachitenga kuti, a kamarada?"

"Kumtunda, kupitirira Maniamba. Kulibenso wofuna chitseko kumeneko." Msilikali anamuyang'anitsitsa. "Iwe, ukufunsiranji? Uli ndi abale kwa zigawengako?"

Kabowo kaja kankangomuyang'ana Dionísio ngati diso.

"Ndilibe," anatero, n'kuika macheka pa chitseko cha amayi ake.