Magrafiko a Zuleha

"Aly sapondanso pakhomo pano," anatero Fakihi, akulanda laputopu m'manja mwa mkazi wake Zuleha.

Programa imene Zuleha ankawerengera zokolola za mbatata za ku Chimbonila inkakana kutulutsa magrafiko, zithunzi zoonetsa ziwerengero. Inkangochenjeza kuti laibulale yojambulira zithunzi, kachigawo kena ka programayo, ikusowa. Woidziwa bwino anali Aly, mnzake wa Zuleha wa kuntchito, uja wonunkhira perefyumu.

Fakihi anafufuza pa intaneti mpaka maso kufiira. Laibulaleyo anaipeza n'kuiika, magrafiko n'kutuluka okongola.

"Waona? Aly wakoyo ngwachiyani?"

Mawa lake Zuleha anabwera kuchokera kuntchito akumwetulira.

"Zikomo bambo. A chefe, abwana athu, awakonda magrafiko aja. Akuti ndikawaonetse ku Maputo, sabata yathunthu."

"Wekha?"

"Ayi, ndi Aly."