Mfuti ya Agogo Yasamba

"Ija ili kuti, malume?" anafunsa Zelalem, khofi ali m'manja, maso ali pakhoma pamene mfuti inkakolekedwa.

Kunyumba kwake mumzinda wa Addis, Zelalem anali atakhomeratu kabati yagalasi yosungiramo mfuti zakale zankhondo. Yoyamba kulowamo inayenera kukhala iyi, imene agogo ake analanda msilikali wa ku Italy. Kwa anthu osunga mfuti zotere, dzimbiri, zipsera ndi nambala ya kufakitale ndiye ulemerero wake. Koma sabata yapitayo, pofuna kuti angomupatsa ulere, Zelalem anainyoza dala: "Chitsulo chadzimbiri ichi, thabwa lake lofumbwa, angachifune ndani? Ndipatseni ndikakutayireni."

Malume ake, a Tewabe, anatuluka kuchipinda akumwetulira, atanyamula chinthu chonyezimira ngati supuni yatsopano.

"Mawu ako aja anandichititsa manyazi, mwanawe. Mwana wa mlongo wanga ndimupatse zinyalala? Ndinapita nayo kwa wosula makasu. Waikwecha ndi mchenga, timanambala tija wapala tonse, waikanso thabwa latsopano la bulugamu. Penti wobiriwirayu ndapaka ndekha, usathokoze."

Zelalem anatsamwa. "Malume, nanga thabwa lakale lija? Lija agogo analembapo dzina lawo ndi mpeni?"

"Lofumbwa lija?" A Tewabe analoza moto umene mkazi wawo ankakupiza pakhomo. "Koma ndiye limayaka bwino, louma zaka zonsezi! Imwa khofi wako asazizire. Waphikidwa ndi lomwelo."