Kabatire ka a Ramsey

A Ramsey akagwa khunyu, mtima wawo unkatsala pang'ono kuima. Madokotala a ku Joni adawaika kabatire pachifuwa koti kaziugunditsa. "Kamatha zaka khumi," adatero. Patangotha ziwiri, a Ramsey adamwalira pangozi, nkuikidwa nako m'manda.

Tsiku lina kutada, mkazi wawo, make Kondie, adapanikizika kumpando wakumbuyo m'minibasi ya ku Bangwe. Bambo wachipewa pambali pake adayamba kuphupha. Mwachizolowezi, make Kondie adamugwira pamkono kuti awerenge kugunda kwa mtima. Mkonowo udali wozizira ngati mwala, koma mtsempha unkagunda bwinobwino.

"Kondakitala, nditsika!" adakuwa make Kondie.

Minibasi sidaime. Bamboyo adamufinya dzanja.

"Amake Kondie," adanong'ona, "kakundikaniza kugona. Kwatsala zaka zisanu ndi zitatu."