Kabelu ka pa Zipi ya Tenti

Mayi uja atamaliza kukhoma zikhomo za tenti, anakiya galimoto n'kuika makiyi m'thumba lamkati la jekete. Makaniko amene anali naye paulendowu anaona. Anaonanso kuti nsapato zake zatsekeredwa m'galimotomo, pansi pa mpando wakumbuyo. Munthu ukakhala m'manja mwa eni, pakamwa umasunga.

Anali pamsewu kuyambira m'mawa. Mayiyu sankamudziwa, ndipo mmene anakwerera galimoto yake sankakumbuka n'komwe. Akafunsa kumene akupita, yankho linali lomwelomwelo: "Tifika mawa, musadandaule." Dzuwa litapendeka anapatuka pamsewu waukulu n'kulowa m'paki ya mitengo ya paini, momwe apaulendo amagona m'matenti. Tsiku limenelo munalibe mlendo wina aliyense. Mitengo yokhayokha, mpopi umodzi wodontha, ndi kanyumba ka mlonda kutali uko kugeti.

Chimene chinkamudya mtima sichinali moyo wake ayi. Chinali mwana. Kamtsikana kake ka zaka zisanu ndi chimodzi kamaweruka kusukulu masana, ndipo kamaima pageti, chikwama kumsana, mpaka bambo ake atatulukira ndi ovolosi yawo yamafuta. Sikalola kutengedwa ndi munthu wina, anakaphunzitsa yekha zimenezo. Nanga lero kaima pamenepo mpaka liti?

"Imwani," anatero mayiyo, akumupatsa mapiritsi awiri ndi tiyi wa m'fulasiki.

Ohoo, ndiye nkhani yagona apa. N'chifukwa chake mutu unali zweee tsiku lonse. Makaniko anaika mapiritsiwo pansi pa lilime, n'kumeza tiyi yekha. Mayiyo atatembenuka kukatsuka kapu kumpopi, iye anawalavulira m'udzu n'kupondapo.

Kutada analowa m'tenti. Mayiyo anatseka zipi, n'kumangirirapo kabelu kakang'ono ngati ka pakhosi pa mphaka. Kenako anayala bulangete lake chopingasa pakhomo penipeni. Zinkaoneka kuti ntchitoyi sanaiyambe lero.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Makaniko anagona chafufumimba, akupuma ngati munthu amene tulo tamutenga. Kawiri konse kuwala kwa tochi kunamugwera kumaso, koma chikope sichinaphethire. Mantha anali nawo, kunama n'kulakwa, thukuta linkayenderera m'khwapa ngakhale kunja kunkazizira.

Mbandakucha mayiyo anagonja. Kamkonono kanayamba pang'onopang'ono.

Makaniko anavula sokosi imodzi n'kukulunga nayo kabelu kaja. Anayamba kutsegula zipi, dzino limodzilimodzi, monga ankamasulira bawuti yadzimbiri kuti isathyoke. Atadutsa mwendo umodzi pamwamba pa mayiyo, dzanja la mayiyo linasuntha n'kupapasa bulangete. Iye anauma gwa, mwendo wina m'kati wina kunja. Dzanja lija linakhala phee, ndipo anatuluka.

Mame anamuluma kumapazi. Kungothawa sikukanathandiza, wa galimoto sungamupose ndi miyendo. Anatola kamtengo, anagwada pa tayala lakutsogolo, n'kudina valavu yotulutsira mpweya. Mpweya unalira fyiii, ndipo m'nkhalango ya zii ngati imeneyo unkamveka ngati sitima. Anadikira mpaka tayala litaphweratu, limu litakhala pansi. Kenako anapita ku tayala lachiwiri, chifukwa wophwetsa limodzi ndi wosadziwa ntchito: tayala la sipeya limakhala m'buti.

Atatha analunjika kugeti. Ankafuna liwiro la mtondo wadooka, koma mawondo anakana, ngati munthu wathiramo mchenga. Mankhwala a mfiti imeneyi! Masamba osongoka a paini ankamubaya kuphazi lopanda sokosi. Ali pakati pa njira, sokosi ija iyenera kuti inagwa pakabelu, chifukwa kumbuyo kunamveka ngiringiri, kenako zipi kung'ambika, kenako mapazi.

Sanacheuke. Anafika pakanyumba kaja mpweya utatha, n'kumenya chitseko ndi manja onse awiri. Mlonda anatuluka atafunda chijasi, chibonga chili m'manja.

"Achimwene, ndipulumutseni. Mayi akubwerayo anandiba dzulo. Akundimwetsa mankhwala, nsapato wandilanda, matenti akumangirira mabelu. Mwana wanga wagona pageti la sukulu, ndi kamwana kakang'ono. Imbirani apolisi, chonde."

Mlonda anayang'ana phazi losavala. Anamukokera kumbuyo kwake n'kutukula chibonga.

Mayi uja anatulukira m'mitengo ali wefuwefu, nayenso wopanda nsapato, chala chakuphazi chikutuluka magazi.

"Imani pomwepo, mayi. Mukasuntha ndikuphwanyani. Bambowa akuti mwawaba, ndipo mwana wawo akudikira kusukulu kuyambira dzulo. Mukuti bwanji?"

Mayiyo anagwira mawondo mpaka mpweya utabwerera. Ataweramuka, misozi inali mbwembwembwe, koma mawu anatuluka ofatsa, a munthu amene wayankha funso limeneli kambirimbiri.

"Awa ndi bambo anga, alonda. Matenda oiwala anawagwira, chino n'chaka chachitatu, ndiye ndikupita nawo kwanga kuti ndiziwasamala. Mwana akunenayo ndine. Ndili ndi zaka makumi anayi."

Chibonga chinatsika chokha. Mayiyo anadutsa pambali pa mlonda, n'kutambasulira dzanja nkhalamba ya imvi mbuu imene inkabisala kuseri kwa chijasi.

"Tiyeni, bambo," anatero. "Tikamutenge limodzi mwanayo."