Mzere wa Obadiah

Kutada ndinabwerera kumanda a mpingo wathu wachikhristu wotchedwa Akweka kukatenga magalasi amene ndinaiwala. Ndinali nditaswera kumeneko kufunafuna pamene anagona Obadiah Worrall, kholo lathu loyamba kufika kuno ku Pennsylvania, koma miyala yakale ilibe mayina.

Pachipata panaima nkhalamba yovala chipewa chachikulu.

"Ukufuna Obadiah, mdzukulu wanga? Tiye."

Dzinalo ndinali ndisanauze munthu.

"Ife sitiika maliro m'mabanja," inatero tikuyenda. "Womwalira lero amagona pambali pa wadzulo. Obadiah ndi uyu, koma mzere wake sunadzaze."

Kumapeto kwa mzerewo, pamene masana panali udzu, panali dzenje latsopano. Magalasi anga anali pansi m'menemo, atapindidwa bwinobwino.

"Tsika ukatenge," inatero nkhalambayo.